Chivomezi sichidinditsa pasipoti pa Nyamapanda

Amene munali mu Harare usiku wa pa 22 kulowa pa 23 Febuluwale 2006 mukukumbukira bwino. Nthawi inali itangodutsa 12 koloko, ambiri tili m'tulo tofa nato. Kwathu ku Mufakose mbale zinayamba kulira m'kabati, bedi n'kumayenda ngati wina akulikankha mwadala. Mayi anadzuka n'kuyamba kupemphera mokweza, pomwe bambo anathamangira kukhomo ndi chibonga poganiza kuti akuba akuthyola geti. Titatuluka tinapeza mzere wonse uli pamsewu, ena atafunda mabulangete, ena ana kumsana, agalu akuuwa mbali zonse. Anansi athu Achishona ankati ndi "kudengenyeka kwenyika". Agogo ena a ku Dedza, amene anabwera kuno dziko lino likadali Southern Rhodesia, anangoseka n'kunena kuti, "Ana inu, ichi n'chivomezi. Kwathu chimabwera, ndipo sichiodira."

Kutacha tinamva kuti nkhani yonse sinayambire mu Zimbabwe n'komwe. Nthaka inang'ambika ku Machaze, m'chigawo cha Manica ku Mozambique, makilomita oposa 400 kuchokera pano. Anthu anayi anamwalira m'dzikolo, nyumba zambiri zinawonongeka pakati pa Espungabera, Chimoio ndi Beira, ndipo kugwedezako kunamveka ku Mutare, ku Maputo mpaka ku Durban. Poyamba analengeza kuti mphamvu yake inali 7.5, kenako akatswiri atawerengeranso anaitsitsa kufika pa 7.0. Nambala imeneyo sinachokere ku Maputo kapena kuno. Inachokera ku Golden, m'chigawo cha Colorado ku America, kumene bungwe la US Geological Survey limasonkhanitsa zimene makina a m'mayiko ambirimbiri ajambula. Ndiye taonani: nthaka yang'ambika m'dziko limodzi, yadzutsa anthu m'mayiko angapo, koma woyamba kutiuza kukula kwake ali kutsidya la nyanja.

Ife olankhula Chichewa kuno nkhaniyi imatikhudza mwapadera, chifukwa mwendo umodzi tinaponda pa thanthwe, wina uli pa mng'alu. Mzinda wa Harare unamangidwa pa mwala wakalekale, wa zaka zoposa 2.5 biliyoni, umene akatswiri a miyala amautcha Zimbabwe craton. Miyala yosanjikizana ya ku Epworth ija ndi nsonga chabe ya thanthwe limenelo. Thanthwe lotere siling'ambika kawirikawiri, limangolandira kugwedezeka kochokera kwa anansi. Zivomezi za mu Zimbabwe zimachulukira m'mphepete: m'chigwa cha Zambezi ndi ku Kariba, kumapiri a kum'mawa cha ku Chipinge, ndi cha ku Nyamandlovu.

Kumudzi ndi nkhani ina. Dziko la Malawi lagona m'chigwa chachikulu chimene chimayambira ku Ethiopia n'kutsika kudzera ku Tanzania mpaka ku Mozambique, mmene nthaka ya Africa ikung'ambikira pang'onopang'ono, mamilimita ochepa chabe pa chaka, mochedwa kuposa mmene chikhadabo chimakulira. Nyanja ya Malawi ndi madzi amene anadzaza mng'alu umenewo. Mukamatsika msewu wa Golomoti kuchokera ku Dedza, mabuleki akununkha pa makona aja, mukutsikira m'kamwa mwa mng'aluwo. Machaze ali kumchira kwake.

Miyala ikamakokedwa chotero imapirira zaka mazana kapena zikwi, kenako imaduka kamodzi, ndiye chivomezi chimenecho. Pa 10 Malichi 1989 chinagwedeza Salima, anthu 9 anamwalira ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Mu Disembala 2009 ku Karonga zinabwera motsatizana kwa milungu iwiri, chachikulu chofika 6.0. Anthu anayi anamwalira, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo mabanja anadya Khirisimasi m'matenti mvula ili mkati. Kumpoto pang'ono, ku Rukwa m'dziko la Tanzania, cha mu 1910 chinafika 7.4. Nambala zimenezi zimapusitsa. Kuchoka pa 6 kufika pa 7 mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32, ndipo kuchoka pa 6 kufika pa 8 ndi ka 1,000. Cha ku Karonga chija, chimene anthu amachisimba mpaka lero, chinali kamwana poyerekeza ndi cha ku Machaze. Cha ku Machaze chinapha ochepa chifukwa kuderako anthu amakhala motalikirana, m'nyumba zopepuka za mitengo ndi udzu.

Makutu oikidwa pansi

Nthawi zambiri n'kovuta kuti dziko limodzi lidziyezere lokha chivomezi bwinobwino. Makina a pamalo amodzi amangokuuza kuti kwagwedezeka pa mtunda wakutiwakuti. Kuti udziwe malo enieni pafunika makina a pamalo atatu kapena kuposerapo, ozungulira gwerolo mbali zosiyana. Chikachitika pansi pa nyanja ya Malawi, makina a ku Malawi okha sakwanira, pafunikanso a ku Tanzania, ku Mozambique ndi ku Zambia.

Chodabwitsa n'chakuti kugawana kumeneku sikunakule chifukwa cha chifundo. Kunakula chifukwa cha mabomba. M'zaka za m'ma 1960 dziko la America linkafuna kumva ngati Soviet Union ikuphulitsa mabomba a nyukiliya pansi pa nthaka, ndiye linaika makina ofanana pa malo pafupifupi 120 padziko lonse. Malo amodzi anali ku Bulawayo, kumene kuli Goetz Observatory, ndipo mpaka lero nthambi ya zanyengo, Meteorological Services Department, ndi imene imayang'anira zivomezi za dziko lino. Inde, kuno olosera mvula ndi omwenso amayeza nthaka. Ku Malawi ntchitoyo ili m'manja mwa Geological Survey Department ku Zomba. Pangano la 1996 loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya linapitiriza zomwezo. Bungwe lake la CTBTO, limene lili ku Vienna, linakonza malo 170 omvera nthaka, ndipo amodzi ali ku Matopos. Tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja obwera chifukwa cha chivomezi) ya pa 26 Disembala 2004 itapha anthu pafupifupi 230,000 m'mayiko ozungulira nyanja ya Indian Ocean, anagwirizana kuti zimene makutu a mabomba aja akumva zizitumizidwanso kumaofesi ochenjeza za tsunami.

M'chigawo chathu, akatswiri a ku Ethiopia, Kenya, Uganda, Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi mayiko ena anayamba mu 1993 kukumana n'kuika pamodzi zimene makina awo ajambula. Mu 2005 kunabwera AfricaArray, mgwirizano wa yunivesite ya Penn State ku America, ya Wits ku Johannesburg ndi Council for Geoscience ya ku South Africa, woika makina ndi kuphunzitsa achinyamata a mu Africa ntchitoyi. Vuto la thandizo lamtunduwu amalidziwa aliyense amene anaonapo mjigo wa mabungwe kumudzi: kuuika n'kosavuta, kuusamalira ndiye nkhani. Batire likatha, sola ikabedwa, opereka ndalama atapita, makina amangoti zii. Ndipo pa pepala, kukhala chete kwa makina sikusiyana ndi kukhala chete kwa nthaka.

Chitsanzo chimene ndimachikonda chinachokera kuno ku Mount Pleasant. Mu 1997 Tom Blenkinsop, amene panthawiyo ankaphunzitsa za miyala pa University of Zimbabwe, ndi James Jackson wa ku Cambridge anafalitsa kafukufuku wawo wa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, umene umayenda makilomita pafupifupi 100 m'munsi mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu. Anayeza chiphompho chofika mamita 15 m'malo ena, n'kuchenjeza kuti mng'alu wonsewo utati utsetsereke nthawi imodzi, chivomezi chake chingayandikire 8. Sananene kuti ndi mawa, zingathe kutenga zaka zikwi. Koma inu amene kwanu ndi ku Mtakataka, ku Golomoti, ku Sharpevale kapena ku Bilira, dziwani kuti chitunda chimene mumachiona ngati kodyetsera mbuzi akuchiphunzira m'mayunivesite a ku Ulaya.

Makina onsewa salosera. Palibe katswiri padziko lapansi amene angakuuzeni tsiku. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti mawa 3 koloko kugwedezeka, aliyense agone panja, ndi bodza, ngakhale utabwera ndi chidindo cha NASA. Chimene chilipo ndi chenjezo la masekondi. Chivomezi chimatumiza mafunde amitundu iwiri m'nthaka: oyamba ndi othamanga koma ofooka, achiwiri amayenda pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi ndipo ndi amene amagwetsa nyumba. Uthenga wa pa foni umathamanga kuposa onsewo. Mzinda wa Mexico City wakhala ndi chenjezo lotere kuyambira m'ma 1990, ndipo Japan anayamba kulipereka kwa anthu onse mu 2007. Usiku wa 2006 uja mafunde ogwedeza anatenga pafupifupi mphindi ziwiri kuti afike ku Mufakose, nthawi yokwana kudzutsa ana. Koma onani chipongwe chake: ife akutali, amene nyumba zathu sizikanagwa n'komwe, ndi amene tikanalandira nthawi yambiri, pomwe wa ku Machaze, amene denga likumugwera, sakanalandira ngakhale sekondi imodzi. Ndiye pamene mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, analengeza mu 2022 kuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense akhale wofikiridwa ndi chenjezo la ngozi, tizimva kuti kwa namondwe ngati Idai ndi Freddy zimenezo n'zopulumutsa ndithu. Kwa chivomezi n'zochepa.

Mapangano a mayina a ku Japan

Mapangano a mayiko pa ngozi zogwa mwadzidzidzi ali ndi mayina a malo a ku Japan, ndipo sizinangochitika. Loyamba linapangidwa ku Yokohama mu 1994. Pasanapite chaka chathunthu, pa 17 Januwale 1995, chivomezi chinapha anthu oposa 6,000 ku Kobe, m'dziko limene linkadziona lokonzeka kuposa onse. Patatha zaka khumi mayiko 168 anakumana ku Kobe komweko, patangopita milungu itatu tsunami ya 2004 ichitikireni, n'kuvomereza Hyogo Framework. Limene tikuyendera pano ndi Sendai Framework, lovomerezedwa ndi mayiko 187 pa 18 Malichi 2015, mumzinda umene unagwidwa ndi chivomezi chachikulu ndi tsunami ya 2011. Lidzatha mu 2030. Patangotha milungu isanu nthumwi zitabwerera kwawo, pa 25 Epulo 2015, chivomezi chinapha anthu pafupifupi 9,000 ku Nepal.

Mfundo ya Sendai ndi yosavuta, ngakhale inalembedwa m'Chingelezi cha m'mahotela. Kale maboma ankadikira tsoka ligwe kenako n'kuyamba kugawa matenti ndi ufa. Sendai akuti kugwedezeka kwa nthaka pakokha si ngozi. Kumasanduka ngozi kukapeza nyumba zofooka, sukulu zomangidwa mwachinyengo ndi anthu osadziwa chochita. Ndiye ntchito ichitike kusanagwedezeke: kudziwa kumene kuli chiopsezo, kukhala ndi malamulo ndi maofesi ogwiradi ntchito, kuika ndalama pa kulimbitsa zomanga, ndipo zikagwa, kumanganso bwino kuposa poyamba. Pali zolinga 7 zoti ziziyezedwa. Chimodzi chinkati pofika 2020 mayiko ambiri akhale ndi ndondomeko zawo, za dziko lonse ndi za m'makhonsolo. China chikuti thandizo lopita kumayiko osauka pa ntchitoyi liwonjezeke kwambiri.

Mawu akuti "kwambiri" amenewo alibe nambala. Panganoli silimanga munthu. Dziko limene silinachite kanthu silipita kukhoti lililonse, ndipo malipoti a mmene zikuyendera amalemba ndi maboma eni ake n'kutumiza ku ofesi ya UNDRR ya United Nations, ngati mwana wasukulu wodzichongera yekha mayeso. Atakumana ku New York mu Meyi 2023 kuti aone pamene afika, iwo eni anavomera kuti akuyenda mochedwa. Sindikunena kuti pepalalo n'lachabe. Limam'patsa mkulu wa ofesi ya ngozi chogwira m'manja akamakangana ndi a zachuma pa bajeti, ndipo lakankha mayiko ena kusintha malamulo. Dziko la Malawi linachotsa lamulo lake la 1991, limene maso ake anali pa kugawa thandizo, n'kuika Disaster Risk Management Act mu 2023, ngakhale kunena zoona amene anadzutsa aphungu ndi Freddy osati Sendai. Kuno ku Zimbabwe lamulo lakhala lili Civil Protection Act ya 1989, ndipo bilu yolilowa m'malo yakambidwa kwa zaka zambiri, mpaka kudutsa Idai wa 2019 amene anakokolola Chimanimani.

SADC nayo inatsegula likulu la ntchito zadzidzidzi ku Nacala m'dziko la Mozambique mu 2021. Maso ake ali pa namondwe, madzi osefukira ndi chilala, ndipo m'pomveka, chifukwa zimenezo zimabwera chaka ndi chaka. Chivomezi chachikulu chimabwera kamodzi pa m'badwo, ndipo nduna imene ingataye ndalama pokonzekera idzakhala itapuma kalekale tsiku limene ndalamazo zidzaoneke phindu.

Mbali ya mgwirizano imene timaionera pa TV ndi ya anthu a zipewa zolimba ndi agalu onunkhiza. Ku Mexico mu 1985 ndi ku Armenia mu 1988 magulu opulumutsa anthu anafika kuchokera kumayiko ambiri popanda wowatsogolera. Ena anafufuza nyumba imodzimodzi kawiri katatu pomwe zina sizinafikidwe, ena anabwera manjamanja n'kusanduka katundu kwa eni dziko. Mu 1991 anakhazikitsa INSARAG, pansi pa United Nations, kuti onse azimvana: zizindikiro zofanana zolemba pakhoma la nyumba yofufuzidwa kale, malo amodzi olembetsera pabwalo la ndege, ndi mayeso amene gulu liyenera kukhoza lisanatumizidwe kunja ngati lovomerezeka.

Ntchito yabwino, koma tiyeni tiwerenge. Ku Haiti mu Januwale 2010, kumene boma linati anthu oposa 300,000 anamwalira ngakhale ena amatsutsa kuti nambalayo ndi yocheperapo, magulu onse akunja pamodzi anatulutsa amoyo pafupifupi 130. Ambiri amene anapulumuka anafukulidwa ndi anansi awo, ndi manja ndi mafosholo, ndege yoyamba isanatere. Ndale nazo zimalowerera. Chivomezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chinapha anthu oposa 50,000 ku Turkey ndi Syria. Ku Turkey magulu anakhamukira kuchokera mbali zonse, koma kumpoto chakumadzulo kwa Syria thandizo la United Nations linkadutsa pa chipata chimodzi chokha cha Bab al-Hawa, ndipo linachedwa masiku, mpaka mkulu woona za thandizo, Martin Griffiths, anavomera poyera kuti anthu akumeneko awagwiritsa mwala. Mu Seputembala chaka chomwecho dziko la Morocco, litataya anthu pafupifupi 3,000, poyamba linalola magulu a mayiko anayi okha: Spain, Britain, Qatar ndi United Arab Emirates. Ena ananyinyirika, koma lamulo lake ndi lakuti mlendo salowa asanaitanidwe. Amene mumakwera basi ya Blantyre mukudziwa maola amene amathera pa Nyamapanda ndi pa Mwanza. Tayerekezani thiraki ya zida zodulira konkire, agalu, mankhwala ndi mawailesi olankhulirana itaima pamzere umenewo, munthu akugogoda pansi pa khoma ku Balaka. Kwa ine, mgwirizano wa chigawo umene ungatanthauze kanthu ndi pepala losainidwa lero lonena kuti thiraki yotere idzadutse osaima.

Ndalama

Mayiko a zilumba za Caribbean mu 2007 anapanga chinthu chimene ife a m'masosayite a maliro tingachimve msanga: aliyense amasonkha chaka ndi chaka, tsoka likagwa amalandira osadikira. Inshuwalansi yawo, CCRIF, siyembekeza kuwerenga nyumba zogwa. Imayang'ana mphamvu ya chivomezi ndi malo ake, zikafika pa mlingo umene anagwirizana, ndalama zimatuluka. Haiti analandira madola 7.75 miliyoni patangotha milungu iwiri. N'zochepa poyerekeza ndi chiwonongekocho, koma zinafika malonjezo a mabiliyoni akadali pakamwa, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Africa ali ndi yake, African Risk Capacity, imene African Union inakhazikitsa mu 2012, koma inayambira pa chilala. Malawi anailawa kukoma ndi kuwawa komwe. Pa chilala cha 2016 kompyuta inati vuto si lalikulu, chifukwa inauzidwa mtundu wolakwika wa chimanga chimene alimi amabzala, ndipo madola 8.1 miliyoni anadzafika patapita miyezi yambiri, anthu atagona kale ndi njala. Inshuwalansi yotere imaima pa nambala, ndipo nambala za zivomezi za chigawo chathu ndi zija zodalira makina a batire lakutha.

Palinso msampha wina. Ndalama zambiri zatsopano za ngozi masiku ano zikulowera pakhomo la kusintha kwa nyengo, monga thumba lolipira zowonongeka limene linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022. Chivomezi sichibwera chifukwa cha utsi wa mafakitale, ndiye pakhomo limenelo sichilowa. Zimbabwe ali ndi mtolo winanso: chifukwa cha ngongole zakale zosabweza, sangabwereke ku World Bank ngati anzake. Idai atawononga, madola 72 miliyoni a bankiyo anachita kudzera ku UNOPS ndi mabungwe ena a United Nations, osati m'thumba la boma.

Kumene mayiko anapezadi ndalama ndi ku Kariba. Khoma lija linatha mu 1959, ndipo madzi atadzaza, kulemera kwake kunadzutsa ming'alu ya m'chigwa. Mu Seputembala 1963 kunachitika chivomezi chofika 6, chimodzi mwa zitsanzo zodziwika padziko lonse za chivomezi choyambitsidwa ndi damu. Zambia ndi Zimbabwe amaliyendetsa limodzi kudzera mu Zambezi River Authority, ndipo ntchito ya madola 294 miliyoni yokonza dzenje limene madzi anakumba m'munsi mwa khoma komanso zitseko zake inathandizidwa ndi European Union, World Bank, African Development Bank ndi Sweden. Chimene ankakonza chinali chilonda cha madzi, osati cha chivomezi. Koma khoma lofooka pa nthaka yogwedezeka palibe amene angagone nalo tulo, m'munsi muli Cahora Bassa, Tete ndi chigwa chonse mpaka pamene Shire amathira mu Zambezi.

Khoma la nyumba

Patangotha milungu 6 Haiti atagwa, dziko la Chile linagwedezeka ndi 8.8, mphamvu yochuluka pafupifupi ka 500. Anamwalira anthu pafupifupi 525. Kusiyana kwakukulu kunali malamulo a kamangidwe, amene Chile wakhala akuwakhwimitsa chichitikireni chivomezi cha ku Valdivia cha 1960, cha 9.5, chachikulu kuposa zonse zimene zinayezedwapo, ndipo amawatsatiradi. Turkey nayenso ali ndi malamulo abwino pa pepala, koma mu 2018, chisankho chili pafupi, boma linakhululukira nyumba mamiliyoni zomangidwa mosatsata malamulo, bola mwini wake alipire. Mtengo wa chikhululukiro chimenecho unaoneka mu 2023.

Harare asadzitame kwambiri ndi thanthwe lake. Cha ku Botswana cha pa 3 Epulo 2017, cha 6.5, chinachitika pakati pa dziko kumene anthu sankachiyembekeza. Nyumba zomangidwa m'madambo zimagwedezeka kwambiri kuposa za pamwala, ngati phala m'mbale, ndipo mahositelo akale a ku Mbare, amene atsamunda anamangira amuna osakwatira koma pano muli mabanja athunthu, sindingafune kukhala pa masitepe ake tsiku lotero. Chikakupezani m'nyumba yosanja, lowani pansi pa tebulo lolimba, gwirani mwendo wake, dikirani chithe. Panja talikiranani ndi durawall, mpanda wa konkire uja, chifukwa imagwa msanga.

Kumudzi vuto si lamulo lophwanyidwa. Vuto n'lakuti nyumba zambiri lamulo silizidziwa n'komwe. Zilibe pulani yodindidwa, zilibe injiniya, zilibe woyendera. Zili ndi mmisiri, uvuni wa njerwa kuseri, ndi mwini ndalama. Ndipo pali chinthu chowawa. Nyumba ya agogo ya mitengo yophomedwa ndi dothi, denga la udzu, imagwedezeka n'kuimanso, ikagwa kawirikawiri munthu amatulukamo ndi moyo. Nyumba ya "chitukuko", ya njerwa zomangidwa ndi matope, khoma lopyapyala, mawindo akuluakulu, gebulo lalitali losamangiriridwa ku kanthu, ndi imene imapha. Ku Karonga zimenezi zinaoneka poyera, ndipo mu 2010 boma la Malawi, mothandizana ndi mabungwe akunja, linatulutsa buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Pambuyo pake akatswiri a University of Bristol ndi a ku Polytechnic ku Blantyre, imene pano ndi MUBAS, anayesa njerwa ndi matope zimene amisiri athu amagwiritsadi ntchito, m'malo mokopera nambala za ku Ulaya. Anapeza kuti chofooka chachikulu chili pamene njerwa imagwirana ndi inzake, makamaka pomanga ndi dothi kapena simenti yongonunkhiza.

Malangizowo si nzeru za kumwamba. Maziko akhale pa nthaka yolimba, osati m'dambo. Njerwa zilumane bwino pa makona. Simenti isachepetsedwe mpaka matope kumafumbutuka ndi chala. Zitseko ndi mawindo zisayandikire pa kona. Ndipo lintala isangokhala kachidutswa pamwamba pa chitseko ndi windo, izungulire nyumba yonse ngati lamba, zitsulo zili mkati, chimene amisiri amati ring beam, denga n'kulimangirira pa lambayo. Nthaka ikagwedezeka, makoma anayi amayenda limodzi ngati bokosi, m'malo moti lililonse ligwere kwake.

Apa m'pamene ife a ku Harare tikulowera. Funsani pa tchalitchi cha CCAP Lamlungu kapena pa msonkhano wa sosayite ku Mabvuku kuti ndi angati akumanga kumudzi, muona manja. Wina amagwira ntchito ya m'munda ku Borrowdale, wina ulonda ku Msasa, wina utelala ku Mbare, ndipo mwezi ukatha madola amapita ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mangochi, ku Nkhata Bay. M'mudzi mwathu ndalama zimenezo zamanga nyumba zambiri kuposa pulojekiti iliyonse imene ndinaionapo, koma palibe lipoti la Sendai limene limaziwerenga ngati thandizo lodutsa malire. Chovuta n'chakuti timamanga pa foni. Mmisiri amatumiza chithunzi cha kumaso, khonde lokongola, ndipo ife timafunsa za mtundu wa malata ndi penti, popeza ndi zimene anthu adzaone tikadzapita pa Khirisimasi. Chithunzi cha zitsulo konkire isanathiridwe ndi ochepa amene amachipempha.

Ineyo ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyo. Nyumba ya mayi anga aang'ono ku Ntcheu, imene ine ndi achimwene takhala tikusonkherana, itafika pamwamba pa mawindo, mmisiri anaimba n'kunena kuti, "Bwana, za ring beam zija tikazisiya, malata tigula mwezi uno mvula isanayambe. Kuno anthu samanga zimenezo." Ndinali nditavomera kale mumtima. Achimwene ndi amene anakana. Iwo anakulira kwa amalume ku Salima, ndipo mu 1989 anagona panja pa mphasa akuyang'ana nyumba imene khoma lake limodzi linagwera kunja lathunthu, denga n'kupendekera ngati chipewa cha woledzera. "Aphwanga," anatero, "malata angadikire." Tinawonjezera matumba a simenti ndi zitsulo. Mvula ya chaka chimenecho inapeza nyumba ilibe denga, amayi aang'ono anatikwiyira mpaka Pasaka, ndipo mmisiri uja mpaka lero amauza anthu kuti ana a ku Harare ali ndi ndalama zotaya. Ukakhala pakhonde la nyumbayo, chitunda cha ku Bilira chimaoneka bwinobwino, mbuzi zikudya pamwamba pake.